Nkhupakupa za galu wanu

Okondedwa achimwene a Vitus,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno ku Mkanda mvula ikugwa bwino, fodya wakula.

Galu wanu uja nkhupakupa zinamudzadza m'makutu, anaonda mpaka nthiti kuonekera. Alangizi a ziweto anati tipite naye ku dipi Lachinayi, koma alamu anu anakana kupalasa njinga mtunda wonsewo chifukwa cha galu. Anati mankhwala opopera fodya amapha chilichonse chokwawa, ndiye anawasungunula m'beseni n'kumusambitsa. Nkhupakupa zinayoyokadi. Galunso anafa tsiku lomwelo, thovu lili kukamwa. Tinamukwirira kuseri kwa chigafa.

Mukudziwa kuti mwana wanu Lonjezo sankalola munthu wina kugwira galuyo. Ndi iye amene anamugwirizira pomusambitsa, manja ali m'madzimo mpaka m'zigongono. Ine ndinali kudimba, achimwene. Ndikanakhalapo sindikanalola.

Ndikulemba ndili naye kuchipatala, lero tsiku lachitatu. Maso akutsegula pang'ono, koma sanandiitanebe. Adokotala sakundiuza zambiri, angondifunsa kawiri ngati bambo ake ali kutali.

Musadikire Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu,
Esitele