Kuyesa Antibodi pa Mbewa Ziwiri Zokalamba

ZOKAMBIRANA ZA KOMITI YOYANG'ANIRA MBEWA ZA KAFUKUFUKU

Tsiku: Lachiwiri, pa 14 Meyi
Malo: Chipinda chomwera tiyi, pafupi ndi firiji yaikulu
Opezeka: Wapampando (pulofesa wathu), Dokotala wa ziweto, a Makina (oyendetsa makina owerenga maselo), Wophunzira, ndi ine wosamalira mbewa
Opepesa: Mlembi, ali ndi khanda. Ndagwirizira ndine, ndinasunga m'mutu, otayipa ndi mayi a mu ofesi
Osabwera: Wogula katundu, mwa masiku onse

1. Poyambira nkhani

Anayamba kundiuza za antibodi ndi malemu a Ndevu, amene anandiphunzitsa kunyamula mbewa osaiopsa. Iwo ankati asilikali a m'thupi, timaselo tolimbana ndi matenda tija, ali ndi timakutu pakhungu pawo tomvera uthenga. Ophunzira amati risepita. Tsono antibodi ndi galu wophunzitsidwa kuluma mtundu umodzi wokha wa khutu, atamangiriridwa nyali m'khosi. Selo likawala m'makina, ndiye kuti galu wapeza khutu lake. Ndanena izi kuti wowerenga asasochere, poti msonkhano wonse unali wa galu ameneyu.

2. Pempho la Wophunzira

Wophunzira anapempha chilolezo chogwiritsa ntchito mbewa ziwiri zimene timasunga pano, zobadwa zopanda kakhutuko. Anati buku lake la digiri, limene akupereka kumapeto kwa mwezi, likunena kuti timakutu timeneti timachuluka mbewa ikadwala, ndipo zonse zatsamira pa antibodi mmodzi. Anati antibodiyo sanayesedwepo pa mbewa yopanda khutu. Maselo a mbewa zimenezi akapanda kuwala, galu ndi wokhulupirika. Akawala, ndiye kuti amaluma chilichonse, ndipo buku lagwa.

Wapampando anati iwo ngati wapampando sakhala mbali. Atatero analankhula nthawi yaitali. Anati antibodi ameneyu akhala akumugwiritsa ntchito Wophunzira asanalowe n'komwe pachipata, kampani inalemba pabotolo kuti amagwira bwino, ndipo oyesa mayeso sanafunse zimenezi. Anakumbutsanso kuti omulipirira sukulu mtsikanayu akusiya kulipira chaka chino.

A Makina anati sanaonepo wogulitsa galu amene amanena kuti galu wake ndi wopusa. Anati zithunzi za maselo zimene Wophunzira anajambula n'zokongola zedi, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wapampando anafunsa ngati a Makina akunena kuti zolemba zawo zonse za zaka zapitazi n'zachabe. A Makina anati iwo sanatchule zolemba za munthu. Apa ketulo inawira, ndipo aliyense anapeza chochita ndi kapu yake.

Dokotala wa ziweto anati mbewazo zatsala ziwiri basi, yaimuna ndi yaikazi, zonse zokalamba ndipo zinasiya kuswana. Anati salola kuti ziphedwe. Anandifunsa za thanzi lake; ndinati zikudya bwino, yaikaziyo mpaka ikuluma. Dokotala anati popeza maselo ofunikawo amapezekanso m'magazi, kadontho ka kumchira kakwanira, adzatenga okha.

Wapampando anatembenukira kwa Wophunzira, mawu atatsika. "Mwanangu, ukudziwa chimene ukupempha? Akawala, za chaka chino uiwale."

Wophunzira anati akudziwa. Anati amayi ake kwawo anasoketsa kale diresi lodzavala pa tsiku lolandira digiri, ndipo amamuimbira foni kufunsa tsiku. Kenako anati: "Bambo, ndikapambana osayesa, aliyense wondigwira chanza ndizidzayang'ana pansi. Bola ndidziwe."

Ine ndaona ophunzira ambiri akudutsa pano, ena olira ena oseka, koma wopempha yekha mpeni woti ungamucheke sindinamuonepo kawirikawiri. Mayi a mu ofesi akuti zimenezi si za m'maminitsi, ndawauza azisiye.

Chigamulo: Komiti inalola kuti magazi atengedwe m'mawa mwake, mbewa zisaphedwe. Wapampando sanakweze dzanja, komanso sanatsutse. Anangoti kabotolo ka antibodi adzatulutsa okha mufiriji.

3. Zina ndi zina

Dokotala anadandaula kuti wina akusunga chakudya chake mufiriji ya mankhwala. Dzina silinatchulidwe. A Makina anati asiya.

4. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando: ....................
Wogwirizira mlembi: ....................

Zowonjezera, molamulidwa ndi Wapampando

M'mawa mwake Dokotala anatenga magazi, ine nditagwira mbewa. Wophunzira anasakaniza ndi antibodi, a Makina nkuika m'makina. Tonse tinaimirira kumbuyo kwawo. Maselo a mbewa zopanda khutu anawala ngati a mbewa ina iliyonse.

A Makina anavula magalasi nkumapukuta. Wophunzira anayang'anitsitsa, manja ali pamutu. Wapampando anakoka mpando nkukhala pambali pake, nati: "Si zako zokha zagwa, mwanangu. Zako zinali pamwamba, zanga ndizo zinali pansi." Anati alembera okha omulipirira sukulu ndi onse amene anasindikiza zolemba zawo, ndipo anandiuza kuti izi zilowe m'maminitsi.

Tsiku lotsatira, dzuwa lisanakwere, Wophunzira anandipeza kuchipinda cha mbewa ndikusintha utuchi. Maso anali ofiira. Anati amayi ake wawaimbira, ayankha kuti diresi silivunda. Kenako anasuzumira nkhalamba ziwiri zija, zili phee pakona, nati kwa ine: "Agogo, sizingaswanenso izi? Galu aliyense amene tigule tsopano ayambe wadutsa pa ana awo."

Ndinati tiyesa. Ndaziika m'khola limodzi, ndawonjezera thonje la chisa.