Makutu Obwereka

Lolemba, 3 Febuluwale

Amuna anga a Cleto abweranso chimanjamanja kuuzimba. Akuti tchire latha, mbawala zonse zinasamukira ku Campeche. Ndawapatsa nyemba ndi totiya, tizitumbuwa tathu topyapyala ta chimanga, adya, kenako m'machila mwawo gone.

Mwambo wa kamdzukulu kathu Nayeli uliko Loweruka la sabata yamawa, tsiku lomukhazika m'chiuno koyamba. Mwana wathu Wilberth waimba foni kuchokera ku Cancún, akuti tingopha nkhukundembo basi, bambo asadzivutitse. Koma bambo akewo analonjeza pamaso pa anthu kuti alendo a mdzukulu wawo adzadya mbawala. Mutu ngati mwala.

Chimanga ndaviika. Nkhuku yamawanga ija yayamba kuikira.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Alamu Fidencio, mng'ono wawo wa a Cleto, anandipeza ndikuchapa kuseri. Anayamba ndi za njuchi zawo, kuti maluwa achedwa, uchi uchepa. Ndinadziwa kuti sanabwerere zimenezo.

Akuti dzulo pochokera ku ming'oma yawo anadutsa pafupi ndi kadziwe ka pathanthwe, kumene a Cleto amadikirira nyama. Anamva mbawala ikufwenthera mwamphamvu, fuu, fuu, kenako ziboda zikuthawa. Atasuzumira, akulu awo ali phee pansanja yawo mumtengo, mfuti pamiyendo, kudikira nyama yoti yapita kale.

"Mlamu, achimwene sakumva."

Ndinati ndikudziwa. Wailesi masiku ano imalira ngati pano pali ukwati. Ndikawaitana ndili kukhitchini sayankha, ine n'kumati ndi mwano wa ukalamba. Koma ndawapempha alamu kuti Wilberth asamve. Akangomva atenga mfuti, ndipo ayambiranso nkhani yake yoti tikakhale naye m'tauni, m'kachipinda kamene zenera lake limayang'ana khoma la eni ake.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndawauza a Cleto kuti mawa ndipita nawo kuuzimba, ndikufuna makungwa a mankhwala a miyendo. Andiyang'ana nthawi yaitali. Akuti chiyambire sanaonepo mkazi kuuzimba, ndipo ndikangotsokomola andisiya komweko. Ndati palibe vuto, nyalugwe akandidya azidziphikira okha.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Anandikweza kutsogolo kwa njinga yawo ya matayala atatu ngati thumba la chimanga, mpaka pothera msewu, kenako wapansi. Diresi langa loyera anakana, anandiveka malaya awo akale akuda. Pofika anathira phala pang'ono pamwala kupatsa mizimu, eni tchire, n'kunong'ona zawo. Kukwera pansanja sindilembako, zinali zamanyazi.

Koma kukongola kwake. Chikwatiwire sindinakhalepo chete chonchija popanda mphika kapena mwana m'manja. Njiwa zimabwera kudzamwa. Buluzi wamkulu ali pamwala, kumangogwedeza mutu.

Kenako kumbuyo kwathu, chakumanzere: FUU. Ngati munthu wamina ndi mphamvu zake zonse. Ndinadzidzimuka mpaka nsanja inagwedezeka. A Cleto anandiyang'ana mokwiya, chala pakamwa. Inabwerezanso, motalikitsa, kenanso ili patali, masamba ouma akuphwanyika.

Ndinawayandikira kukhutu n'kuti, "Yafwenthera. Yapita."

Anati ndi mbalame. Ndinaloza malo ake. Anatsika kuti akanditsutse, ine pambuyo. Kuseri kwa chitsamba dothi linali lokumbika pamene inaponda mwamphamvu, ndi mapazi otalikirana pamene inalumpha. Pafupi kwambiri, ukanaponya lalanje ukanaigenda. Anagwada, anakhudza dothilo. Anakhala pomwepo ndithu.

Kenako tinabwerera kunyumba. Makungwa aja ndinaiwala, iwonso sanafunse.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Tsiku lonse a Cleto akhala akunola chikwanje chomwe chinali chakuthwa kale.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndikupama totiya m'mawa, a Cleto anabwera n'kukhala pachitsa cha pakhomo la khitchini. Sakhalapo nthawi zonse, amati utsi. Anafunsa osandiyang'ana kuti mbawala ija inafwenthera kangati, ndipo koyambako kunali kwakufupi kapena kotalika. Ndinawayankha. Anagwedeza mutu. Kenako anayamba kulankhula, mpaka totiya imodzi inapserera.

Ndilembe ndisaiwale. Akuti ikafwenthera mwachidule kamodzi, n'kumaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, ndiye kuti yaona chinachake koma sikudziwa kuti n'chiyani. Ikufuna udzidzimuke, usunthe, udziulule wekha. Pamenepo usaphethire n'komwe, imatha kukhazikika. Koma ikafwenthera motalika, kubwerezabwereza uku ikupita, mchira woyera uli m'mwamba, ndiye kuti yamva fungo lako. Maso ake imawakayikira, mphuno ayi. Zikatero nyamula mfuti uzipita kwanu, chifukwa zinzake zonse zamva. Akuti kawirikawiri amachita zimenezi ndi mayi wa ana. Yamphongo yokalamba imangozemba mwakachetechete.

Ndinati ndi mmene zililinso pamudzi pano. Sanamve, kapena anamva.

Madzulo kunabwera alamu, n'kuyamba kukangana. Alamu akuti imafwenthera pochenjeza zinzake basi. A Cleto akuti imakhalanso ikuchotsa fumbi m'mphuno kuti inunkhize bwino. Alamu anawauza kuti afunse akazi awo, poti ndi amene amamva. Koma a Cleto anaseka, koyamba sabata ino.

Tagwirizana. Kutsina pabondo: yafwenthera koma ilipo, musasunthe. Kusisita pamsana: yapita. Kukoka malaya: mbali imeneyo kukubwera chinthu.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Mudzi wonse wadziwa. Potuluka m'tchalitchi mayi Remigia, amene adzanyamule Nayeli pamwambo, anandifunsa mokweza ngati ndayamba kumera ndevu. Ndinawauza kuti akadzafika pa mbale ya mbawala adzandikumbutse funsolo. Amayi ena anaseka mpaka kugwirana.

Lolemba, 10 Febuluwale

Talephera, ndipo wolakwa ndine. Tinangokhala pang'ono, mbawala inafwenthera ili kutali, motalika, osalekeza, mpaka mawu anazimirira. Ndinawasisita pamsana. Anatulutsa kathumba kawo ka phulusa, anawaza pang'ono, phulusa linauluka kulowera komweko. Kenako anandinunkhiza m'mutu ngati galu.

"Inu mayi, mwabwera kuuzimba kapena kuukwati?"

Mafuta a tsitsi amene anandigulira mpongozi wanga Leydi. Ndinadzola dzulo popita kutchalitchi. Akuti ngakhale mbawala ya chimfine ikanamva. Tinaseka pansanja pomwepo poti zinali zitawonongeka kale, tinamwa phala lathu, n'kubwerera kukadali kowala. Panjira anandionetsa mtengo umene yamphongo imakhulapo nyanga, khungwa lonse losupuka. Akuti ndi yaikulu. Maso awo akadali akuthwa, ine sindikanaona.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mphepo ya kumpoto yafika, ndi kamvula kowaza. Sitinapite. Ndasamba m'mutu ndi madzi a phulusa. Malaya a kuuzimba tawatikita ndi masamba n'kuwapachika kumpanda, kutali ndi utsi.

Wilberth waimbanso. Anafunsa chifukwa chake bambo sakumalankhula naye pafoni masiku ano. Ndinati ali kumunda. Anali pomwepo, akudya lalanje. Sindikonda kunamiza mwana, koma adzaona yekha Lachisanu.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Palibe kanthu, nkhupakupa zokhazokha. Tachotsana pakhonde ngati anyani.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndilembe zikadali m'mutu.

Tinapita m'mamawa, poti mphepo inali idakali ya kumpoto, ikutiwomba kumaso. Kunazizira. Dzuwa litayamba kulowa m'mitengo ndinamva masamba kutsogolo, kenako fuu, kamodzi, kakufupi. A Cleto n'kuti akufuna kutambasula mwendo. Ndinawatsina mwamphamvu, mawa padzatupa. Anauma ngati chitsa.

Ndinaiona. Yaikazi, yowonda, kamwana kali kumbuyo. Inatiyang'ana, makutu ali njo. Inakweza mwendo pang'onopang'ono n'kuponda pansi, di. Kenako inaweramitsa mutu ngati ikufuna kudya, n'kuudzutsa mwadzidzidzi kuti itigwire tikusuntha. Ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa ndi mmene ndinkachitira ndi Wilberth akamaba uchi. Nyerere inali kuyenda m'khosi mwanga. Mwendo unachita dzanzi. Inafwentheranso, ine n'kutsinanso. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mapeto ake inagwedeza mchira, inatsika kukamwa ndi kamwana kake, n'kudutsa osathamanga. A Cleto sanakweze mfuti, ya mwana saombera.

Ndinkaganiza kuti zatha. Koma patapita nthawi ndinamvanso masamba, kumanja kwenikweni, kumene iwo sankayang'ana. Kuyenda kolemera, kuima, kuyendanso. Ndinakoka malaya. Anatembenuza maso okha, kenako mutu, kenako mfuti, pang'onopang'ono ngati mthunzi. Ine ndinaona nyanga zokha.

Kulira kwa mfuti sindinakukonzekere. Makutu anga anangoti ngwii.

Inagwa pomwepo, sinavutike. Titatsika a Cleto anavula chipewa n'kuyankhula nayo motsitsa, kupepesa ndi kuthokoza eni ake. Ine ndinaisisita pakhosi, inali yofunda, ndipo misozi inabwera yokha. Sanandiseke.

Pobwerera nyama inakwera njinga, ine wapansi. Tonse awiri osamva, tikukalipirana ngati oledzera. Iwo akuti "Mwati chiyani?", ine ndikuti "Mwati bwanji?" Alamu anatimva tisanafike n'komwe pa ming'oma yawo, anabwera kudzathandiza kukankha.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Dzenje akumba, miyala yatentha, nyama yalowa pansi yokutidwa ndi masamba. Ine ndafinya malalanje owawasa mpaka zala kuyabwa. Makutu anga abwerera.

Wilberth ndi Leydi afika masana. Nayeli wanenepa, masaya ngati mabanzi. Wilberth anapatsa moni bambo ake ali kumbuyo kwawo, kawiri, osayankhidwa. Anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana mwana.

Loweruka, 15 Febuluwale

Zayenda bwino kwambiri. Mayi Remigia anamukhazika Nayeli m'chiuno n'kuzungulira naye tebulo, akumugwiritsa singano, pensulo, chikho. Pensuloyo anafuna kudya. Sanalire mpaka pomulawitsa dzira.

Nyama inafewa, tinainyenya n'kusakaniza ndi madzi a malalanje ndi tsabola. Mayi Remigia anawonjezera kawiri, za ndevu sanatchulenso.

Anthu atakhuta, wina anafunsa a Cleto kuti anaipha bwanji. Ndinkayembekezera nkhani zawo zakale zija, zoti anaimva ikupuma ili kuseri kwa phiri. Koma anaika mbale pansi n'kunena mokweza, poti tsopano zonse amanena mokweza.

"Ine makutu anatha. Mbawala ikhoza kundifwenthera m'thumba la malaya, osamva. Ndinangokoka chala. Anaipeza ndi mayi awa."

Alamu anaomba m'manja, ena n'kutsatira. Ine ndinathawira kukhitchini, ati kukaona moto.

Wilberth ananditsatira. Anati n'zoopsa, munthu wosamva kuyenda ndi mfuti m'tchire, bwanji tsiku lina m'chitsambamo mutakhala munthu. Ndinamuuza kuti akunena zoona, n'chifukwa chake sadzapitanso okha. Anafunsa ngati ine ndikufunadi zimenezi pa msinkhu wanga. Ndinati ee, ndikufuna.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Bambo ndi mwana anakhala pansi pa mtengo wa malalanje nthawi yaitali, Wilberth akulankhulira kukhutu lakumanja. Agwirizana kuti mwezi wamawa apite ku Mérida akaonetse makutu. Mfuti ikhala. Za Cancún sizinatchulidwe. Wilberth ndi Leydi anyamuka madzulo ndi ntchafu yotsala, nyumba yabwerera kukhala chete.

Lolemba, 17 Febuluwale

M'mawa tinakabweza nsagwada za mbawala kutchire, pansi pa mtengo waukulu pamene amaziika. Ndinapeza ndi makungwa anga.

Masana ndikusesa pabwalo, a Cleto ali m'nyumba m'machila, kunabwera alamu Fidencio atavala malaya ochapa, chipewa m'manja. Anaima pampanda osalowa. Anayamba ndi za njuchi. Kenako anatsitsa mawu, akuti mbawala zikuwathera nyemba kumunda, ndipo nawonso khutu lakumanzere layamba ulesi. Ngati Lachitatu ndilibe chochita, mwina ndingawaperekeze kamodzi kokha.

Ndisanatsegule pakamwa, mawu anachokera m'nyumba.

"Fidencio, makutu amenewo ali ndi mwini wake."

Belu la tchalitchi samva. Mvula padenga samva. Alamu anavala chipewa chawo n'kumapita akuseka, ine n'kutsala chiimire ndi tsache. Kenako a Cleto anatuluka, anawaza kaphulusa pakhomo, anayang'ana kumene kakupita, n'kundifunsa ngati malaya anga akuda auma.