Khoma la Alongo Anu

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo, mapasa akungotha nsapato. Ndasankha kulemba chifukwa ndikamaimba foni alongo anu amakhala pafupi, ndipo nkhaniyi ikuwalemera kuitchula.

Mukudziwa kuti zaka zonsezi akhala akulimbana ndi khoma lawo lija la njerwa zosakaniza ndi utuchi, limene amati lizidzaziziritsa nyumba nthawi yotentha. Digiri yawo yonse ya PhD, ija ya udokotala wa maphunziro, yatsamira pamenepo. Kuti atsimikize, amaligawa khomalo pa kompyuta m'tizigawo tambirimbiri, kagawo kalikonse ndi samu yake, masamu onsewo n'kuwaika m'tebulo lalikulu limene amati matirikisi. Koma laputopu yawo yokalamba ija inkangolira, kutentha ngati simbi, kenako thi! kuzima. Ine mpaka ndinkawaseka kuti andibwereke ndiumitsirepo masokosi a ana.

Mwezi watha mnzawo wa ku labu anawatsegula maso. Anati, "Akulu, mukusenzeranji maziro onsewa? Kagawo kalikonse kamangopatsirana kutentha ndi anzake awiri oyandikana nako, basi." Zoonadi, ngakhale ine mphunzitsi wa masamu a ku sekondale ndinaona. Manambala enieni ali m'mizere itatu yodutsa pakati pa tebulolo ngati lamba, kwina konseko maziro okhaokha. Ndiye pali pulogalamu ina ya masamu ya pa kompyuta, amati laibulale, imene umangoipatsa mizere itatuyo, iyo n'kukuwerengera. Alamu, madzi a tiyi asanawire yankho linali litatuluka, lokongola zedi! Linkaonetsa kuti khoma lawo likuposa la njerwa wamba kutalitali. Munthu wamkulu anavina pabalaza atanyamula mapasa onse awiri, n'kuimbira amayi nthawi yomweyo. Zotsatira zake mukuzidziwa, amayi asoketsa kale diresi la tsiku lolandira digiri.

Lachisanu lina, masabata atatu apitawo, akulemba mutu womaliza, anawerenganso malangizo a laibulale ija. Kani pa mizere itatu ija, mzere wapamwamba umafuna usiye malo oyamba opanda kanthu, manambala ayambire pachiwiri. Iwo mpatawo anausiya kumapeto, monga zimakhalira ndi mzere wapansi, ndiye nambala iliyonse inakhala pampando wa inzake. Kompyuta sinadandaule, inangowerengera zimene inapatsidwa. Atakonza, yankho linatulukanso mwachangu chomwecho, koma khoma lawo silikusiyana kwenikweni ndi khoma wamba.

Pochokera kuntchito ndinawapeza pakhonde, laputopu ili pamiyendo, maso ali gwa. Anati, "Amake mapasa, bola muja inkazima, ndinali ndi chiyembekezo." Mtima unandipweteka, alamu.

Ndisakubisireni, ine ndinawanyengerera. Ndinati, "Ndani angakaone kampata kamodzi? Perekani zoyamba zija tipumeko, tatopa." Iwo anati, "Nanga wina akadzakhulupirira, n'kumanga nyumba, n'kugonekamo ana ake?" Manyazi ake sanandichokebe. Lolemba anapita okha kwa apulofesa awo kukanena. Awauza kuti ayesenso kasakanizidwe kena, chaka chino digiri palibe, ndipo za chaka chamawa sanalonjeze kanthu.

Pempho langa ndi ili. Chonde pitani kwa amayi mukawafotokozere pamasom'pamaso, inu amakumverani. Amaimba Lamlungu lililonse n'kuyamba ndi mfuu, "Adokotala anga!" Alongo anu amaseka mokakamiza, koma akadula foni amakankha mbale, tsikulo kudya kwathera pomwepo. Aonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Iwo kuwauza amayi sangathe. Musakanene kuti mwana wawo walephera, chifukwa sanalephere. Mukanene kuti anapeza cholakwika chimene palibe akanachiona, n'kukachinena yekha.

Mundiperekere moni kwa abambo a kunyumbako ndi ana onse. Mapasa akuti azakhali abwere. Amayi muwapatse moni wanga wapadera, ndipo muwapemphe kuti Lamlungu akamaimba asatchule za udokotala. Angowaitana dzina lija ankawaitana ali mwana, awafunse ngati adya. Ine ndikhala nditawaikira kale chakudya patebulo.

Ndine mlamu wanu,
Amake mapasa