Tsiku la Nthutumba

Chinyonga, Blantyre
28 Seputembala

Okondedwa amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji kumeneko ku Bangula? Maso aja akupezako bwanji, ndipo mankhwala odontheza amene anakupatsani kuchipatala mukuthirabe m'mawa ndi madzulo? Ndikumva kuti kuchigwako dzuwa layamba kale kuwotcha, choncho musamakhalitse kudimba masana. Ife kuno tili bwino, ine ndi mpongozi wanu Winnie, kupatula kachimfine ka fumbi kamene kagwira pafupifupi aliyense mu Limbe.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Kuyambira tsiku limene munachoka kuno mu Julaye, ndikakuimbirani mumangoti muli bwino, kenako foni mumapatsira achemwali a Cecilia. Ndiye ndati ndilembe, poti kalata munthu sangaidule pakati. Achemwali, inu amene mukuwawerengera, chonde musadumphe mzere, ngakhale pamene ndikukutchulani.

Za kuno ndi zochepa. Shopu yathu yokonza mafoni tasamukira nayo pafupi ndi depoti, moti tsiku lonse ndimamva oitanira minibasi mpaka ndikafika kunyumba makutu amakhala akulirabe. Winnie akadali ku bekale kuja m'tauni, ndipo tsopano ndi amene amakongoletsa makeke a maukwati. Sabata yatha madzi anasiya masiku atatu, tinkatunga kwa anzathu kumtunda. Mphaka uja naye alipo, wanenepa. Ndikudziwa kuti simunafunse.

Amayi, ndikufuna ndifotokoze za tsiku lija la 6 Julaye monga ndinalionera ine. Pamene ndaphonya mudzandikonze.

Mphaka wathu Bandulo anabadwira m'nyumba muno chaka chatha, pa 6 Julaye pomwepo. Linali tsiku la holide, tonse tili pakhomo, mphaka wa aneba analowera pawindo n'kuberekera m'katoni ya nsapato. Winnie anajambula, ndipo foni imasunga tsiku la chithunzi chilichonse. Ndiye chaka chitakwana, iye anati tichite kaphwando kocheza chabe. Kuno m'tauni anthu amatero, palibe chimene chimabisika kumbuyo kwake. Anaphika kakeke, anaika usipa m'sosala, ine ndinayatsa kandulo imodzi.

Anthu aja munawaona pa foni akuimba ndi anzanga amene ndimasewera nawo mpira wa pa intaneti, masewera aja munkati ndimakalipira nawo TV popanda chifukwa. Timu yathu ndi ya anthu anayi: ine, Winnie, Nazir wogulitsa zitsulo mu Limbe, ndi Frank wa ku Naperi. Aliyense amakhala kwawo, koma timasewera pamodzi Loweruka masana ndi pa maholide. Ndisakubiseni, wogoletsa kwambiri ndi mpongozi wanuyo. Ine anandibweza kumbuyo kuti ndizitchinga.

Inu munatuluka kuchipinda maso akadali onyowa ndi mankhwala, n'kupeza akuluakulu anayi akuimbira mphaka. Simunakalipe. Munakhala pampando, munafunsa kuti tsiku la mphakayo talidziwa bwanji, ndipo Winnie anakuonetsani chithunzi chija. Kenako munatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti nanga langa ndi liti. Ndinayankha ndikuseka kuti 1 Januwale. Munafunsa amene anandiuza, ndinati chitupa changa. Munangoti chitupacho sichinalipo tsiku limenelo. Keke simunadye, ndipo m'mawa mwake munati ndikuperekezeni kusiteji.

Kwa milungu ingapo tinkangoganizira. Ine ndinkati chakukwiyitsani ndi mphaka, poti kwathu mphaka wake ndi wa makoswe, sagona pa sofa, ndipo ena akaona kandulo pamaso pa mphaka amaganiza zina. Winnie ankati ayi, mwina mukudandaula kuti zaka zitatu zatha tili pabanja koma tikulera mphaka m'malo mwa mdzukulu wanu. Analira nazo zimenezi, ndipo ine zinandipweteka. Koma funso lanu lija silinandichoke m'mutu.

Loweruka lina tikudikira kuti masewera ayambe, ndinawauza anzanga aja nkhaniyi. Paja masewerawa munthu ukamalembetsa amafunsa tsiku lobadwa, ndipo likafika amakupatsa mphatso, monga jezi yatsopano ya wosewera wako. Ine yanga imabwera pa 1 Januwale. Frank anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nayenso kale anali wa 1 Januwale, pamodzi ndi anthu asanu a m'kalasi mwake. Akuti zikuoneka kuti azimayi a dziko lino pa Chaka Chatsopano sankapuma. Iye tsiku lake lenileni analipeza pa khadi la kusikelo limene mayi ake anasunga m'sutikesi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti tsiku langa linangolembedwa ndi aphunzitsi pondilembetsa sukulu, ndipo ine ndakhala ndikulinyamula zaka zonsezi ngati langa.

Khadi langa la kusikelo mukudziwa kuti linapita ndi madzi osefukira aja a 2015, pamodzi ndi sutikesi yonse. Malemu bambo kulibe kuti ndiwafunse. Ndiye ndinayamba kufufuza ngati wapolisi, ndi kabuku m'thumba.

Ndinayambira kwa azakhali a ku Naperi. Iwo anati mwezi sakuukumbuka, koma akukumbuka kuti linali tsiku la holide, chifukwa maofesi ndi masitolo anali otseka ndipo anasowa kogula sopo woti akubweretsereni. Ndinati ndiye kuti Januwale uja ndi woona. Kenako ndinaimbira atsibweni ku Ngabu. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati Januwale ndi wa matope, pamene iwo tsiku limenelo anakunyamulani pa njinga kupita nanu kuchipatala msewu uli wouma, ndipo m'mbali monse munali mabelo a thonje akudikira ogula. Achemwali a Cecilia, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akungokumbuka kuti kunali kozizira moti anafunda nsalu yanu, komanso kuti anakwiya atamva kuti ndine mwamuna.

Ndinakhala pashopu ndi zinthu zitatuzi: holide, thonje, kuzizira. Ndinatsegula kalendala ya 1997 pa foni n'kuyamba kuchotsa maholide amodzi amodzi. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndi za mvula. Malichi ndi wa mvulanso. Isitala thonje limakhala lidakali m'munda. Otsala anali ochepa, koma ndinaopa kuloza limodzi. Ndinali nditayamba kuona kumene nkhaniyi ikupita, ndipo sindinakukonde.

Sabata yatha achemwali anandiuza chinthu china mosadziwa kuti akundiuza chiyani. Tinkakamba za nkhuku zanu, ndiye anati chaka chilichonse pamakhala tsiku limene mumagwira nkhuku popanda mlendo, popanda Khirisimasi, n'kuphika mpunga. Akakufunsani mumangoti mwalakalaka nkhuku. Akuti kuyambira pamene ine ndinabwera kutauni, nthutumba yake mumaiika m'kambale padera, imakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, kenako mumapatsa mdzukulu wanu Ulemu. Ndinafunsa kuti ndi mwezi uti. Anati sanaikepo mtima, koma imakhala nthawi yozizira, ndipo chaka chino sizinachitike chifukwa nthawi imeneyo munali kuno.

Amayi, ndinakhala pansi pomwepo, foni ya kasitomala ili m'manja. Ndinakumbuka. Kunyumba kwathu nthutumba inali ya bambo, ndipo mwana kuiyang'ana kokha kunali kupalamula. Koma kamodzi pachaka inkapezeka m'mbale mwanga, itabisika pansi pa mpunga. Bambo ankayang'ana kumbali ngati sakuona. Ine ndinkaganiza kuti mwasokoneza mbale, ndiye ndinkaimeza msanga musanazindikire. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinkadya mobisa chinthu chimene munkandipatsa dala. Sindinafunsepo ngakhale kamodzi. Ndinkati anthu akumudzi sasamala za masiku obadwa, ndipo ndinawauzapo anzanga zimenezi ndikuseka.

Kenako ndinakumbuka za ulendo wanu wa Julaye. Kuchipatala anakupatsani mwayi wosankha sabata, ndipo inu munakakamira sabata imeneyo, ngakhale ndinakuuzani kuti kuno kukuzizira kwambiri. Munatsika minibasi ndi tambala wofiira m'kwapa. Tinafuna kumupha tsiku lomwelo, inu munakana kuti mudzanena nokha. M'mawa wa 6 Julaye ndinakupezani kuseri kwa nyumba mukunola mpeni pamwala, madzi ali pambaula. Ndinakuuzani kuti nkhuku isiyeni, tidzadya mawa, lero ndi tsiku la Bandulo. Ndikukumbuka kuti munandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako munaphula madzi aja n'kutsukira mbale.

Nditamufotokozera Winnie zonsezi, anagwira pakamwa. Pambuyo pake anati ngati zili choncho, ndiye kuti ine ndi mphaka tinabadwa tsiku limodzi, ndipo pa awirife amene anaimbiridwa ndi mphaka. Tinaseka pang'ono, kenako tonse tinasiya. Ndili ndi manyazi aakulu, amayi. Munayenda ulendo wonse uja, maso akukuvutani, kudzachita chinthu chimene mwachita chaka chilichonse cha moyo wanga, ndipo ine ndinakuchotsani mpeni m'manja. Pepani.

Komabe sindikufuna kulemba tsikuli m'kabuku kanga chifukwa cha mabelo a thonje ndi sopo wa azakhali. Mwina ndaphonya ndi tsiku limodzi, mwina ndi mwezi wathunthu. Pa masewera aja ndinafunsa ngati munthu angasinthe tsiku lobadwa, ndipo akuti amalola kamodzi kokha. Nazir akundiumiriza kuti ndingosintha tione ngati andipatsenso jezi. Ndakana. Mwayi umodziwo ndikuusunga mpaka nditamva kwa amene analipo.

Ndilinso ndi mafunso ambiri amene akundisowetsa mtendere. Kodi ndinabadwa m'mawa kapena madzulo? Munafika kuchipatala, kapena njinga ya atsibweni inachedwa? Dzina ili la Gervazio analisankha ndani, poti agogo a ku Mutarara, amene ankatcha ana mayina m'banja mwathu, anali atamwalira kale? Ndipo n'chifukwa chiyani simunkanena, kumangoibisa pansi pa mpunga? Winnie naye akufuna kudziwa ngati ndinalira kwambiri, akuti zingamuthandize kumvetsa mmene ndimachitira timu yathu ikagonja.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 15 Okutobala ndi holide ya Tsiku la Anakubala, ndipo tonse awiri tapempha masiku ena awiri kuntchito. Tikufuna tibwere. Sitibwera ndi masewera, ndipo mphaka tidzamusiya kwa Frank. Chimene ndikupempha ndi chakuti mudzandikhazike pansi n'kundiuza tsikulo ndi pakamwa panu, ndi zonse zimene zinachitika kuyambira m'mawa. Ngati mukuvomera, uzani achemwali angondiimbira. Ngati simukufuna kulankhula pa foni, palibe kanthu, mawu amodzi okha andikwanira.

Tambala uja akadali moyo. Mutachoka, Winnie anakana kuti wina amukhudze, akuti nkhuku imene apongozi anabwera nayo n'kuisiya yosapha ili ndi mlandu wake. Takhala tikumudyetsa madeya miyezi itatu, ndipo wakula moti Bandulo akamuona amakwera pawindo. Aneba atopa naye chifukwa amalira asanafune kudzuka, ndipo eni nyumba atipatsa mpaka pakati pa mwezi wamawa kuti achoke. Ndawauza kuti adzachoka pa 14, pa minibasi, m'kwapa mwanga. Ndikudziwa kuti Okutobala si mwezi wake. Koma ngati mungalole kuti chaka chino tsikulo lichedwe, mpeni ndidzanola ndine, madzi ndidzatereka ndine. Kugawa kokha ndikusiyirani.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Cecilia ndi alamu, kwa Ulemu amene wakhala akundidyera gawo langa zaka zonsezi, kwa atsibweni ndi a kunyumba kwawo ku Ngabu, komanso kwa onse a kumphakati. Azakhali a ku Naperi akupereka moni. Winnie akuti ndikuuzeni kuti sanadziwe, ndipo akupepesa ndi manja awiri.

Mulungu akusungeni mpaka tionane. Mpunga tibwera nawo.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Gervazio