Chingwe Choyezera Bwalo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kodi chifuwa chija chinawasiya alamu? Munati akukana kupita kuchipatala. Auzeni kuti ine ndati makani sachiza chifuwa. Kuno tilipo. Akunyumba ali bwino, kungoti miyendo ikumawatupa akaima nthawi yaitali. Ine ndikuyenda, koma kutopa kwa teremu ino sindinakuonepo chiyambire ntchito.

Mukudziwa kuti teremu yachiwiri ndiyo imandidya. Pasukulu pano aliyense akafuna kanthu amabwera kusitolo kwanga, kosungirako katundu wa sukulu. A mpira akufuna pampu, a kwaya akufuna mabenchi, a zisudzo akufuna makatani, a mtsutso akufuna kabelu. Pobwereka onse amabwera akuthamanga, koma pobweza amaiwala kumene kuli sitolo.

Koma si za kutopa zimene ndakulemberani. Ndi za mwana wanu amene munandisungitsa. Musadzidzimuke, sakudwala, ndipo sanachite choipa chilichonse. Wolakwa ndine. Khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikalipire.

Mukukumbukira kalata yanga ya mwezi watha. Ndinakuuzani kuti mtsikana wanu wathamanga mamita 400 m'masekondi 55, ndipo aphunzitsi a zamasewera, amene ana amawatchula kuti a Wezulo, akuti m'chigawo chonse mulibe mtsikana wa liwiro lotere. Inu munayankha mofunsa ngati ndi zoona kapena ndi matama a aphunzitsi, popeza chino ndi chaka chake chomaliza ndipo mayeso ali pafupi. Ine ndinakutsimikizirani kuti bwalolo ndinaliyeza ndekha ndi manja anga. Pa mawu anga amenewo munalola kuti asiye makalasi a masana a sayansi, azipita kukakonzekera mpikisano wa chigawo.

Ndikuuzeni mmene timayezera bwalo kuno. Tepi yoyezera inasowa ahedi akale asanapume, ndipo chaka chilichonse amati tigula ina. Ndiye ine ndinakonza chingwe cha mamita 50. Ndinachiyeza bwinobwino ndi rula ya kulabu, n'kupaka penti yofiira kunsonga zonse ziwiri. Nthawi ya mipikisano ikafika ndimachiyala kasanu ndi katatu mozungulira bwalo la mpira, kukhoma zikhomo, kenako kuthira laimu ndi chitini chobowola. Zaka khumi ndi chimodzi ndachita choncho popanda wodandaula.

Chaka chino, kutatsala sabata imodzi kuti ndiyeze bwalo, aphunzitsi a zisudzo anabwereka chingwecho kuti apachikire katani muholo. Anabweza okha, chokulungidwa bwino. Zimenezo zinayenera kundidabwitsa, chifukwa bambo amene uja sabweza kanthu asanakumbutsidwe katatu.

Tsiku loyeza ndinaona kuti mzere sukufika pampopi wa madzi pamene umadutsa zaka zonse. Apa ndiye pali kulakwa kwanga, achemwali. Ndinaona ndithu. Koma pampopipo pamakhala matope, ndipo chaka chilichonse ndimatuta mchenga mawilibala asanu kuti ndikwirire. Nditaona kuti mzere wapalambalala, ndinangothokoza chamumtima, n'kudziuza kuti mwina zaka zonsezi ndinkayala chingwe mokhotakhota. Msana unkawawa, dzuwa lili pamutu. Nsonga ya chingwe sindinaiyang'ane.

Tsiku la mpikisano wa pasukulu aliyense anali ndi liwiro. Ngakhale mtsikana wina wa kwaya, amene amapuma kawiri pokwera masitepe a laibulale, anamaliza pa nthawi yabwino. A Wezulo anati zonsezi ndi chifukwa cha njira yatsopano yophunzitsira imene anakaitenga kumsonkhano, ndipo tsiku lonse ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Mwana wanu anawasiya anzake kutali, zimenezo si zonama. A Wezulo anayang'ana wotchi, kuigwedeza, kuiyang'ananso, n'kuthamangira kwa ahedi osadikira n'komwe kuti wachiwiri amalize. Lolemba pa asembule anamuimika pampando kuti onse amuone. Ahedi anati kumpikisano wa chigawo kumabwera anthu a makoleji amene amasaka ana aliwiro, ndipo sukulu yathu yayamba kudziwika. Kuyambira tsiku limenelo ana anamupatsa dzina loti Mphenzi. Inenso ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira.

Patapita masiku ndinapita kuholo kukatenga mabenchi anga. Ndinapeza ana a zisudzo akuyeserera sewero lawo la wakuba amene wagwidwa pamsika. Mtsikana amene anali wapolisi ankakoka wakubayo ndi chingwe, ndipo nsonga yake inkalendewera, yofiira. Ndinakhala pansi pabenchi lomwe ndinabwerera lija.

Nditawafunsa aphunzitsi a zisudzo, sanakane n'komwe. Anati anangodula kachidutswa, chifukwa wakuba womangidwa ndi lamba wa yunifolomu anthu sangamukhulupirire. Anati komanso chingwecho chinali chachitali mopitirira muyeso, chinkangodzikulunga pansi pa katani. Anawonjeza kuti nsongayo anaiwotcha bwino kuti isasomphoke, ndiye ndisadandaule. Ankaoneka kuti akudikira zikomo.

Kachidutswako ndinakayeza kulabu. Mamita anayi. Inu masamu munkandiposa, ndiye werengani nokha: anayi kasanu ndi katatu. Bwalo langa linaperewera ndi mamita 32.

Ndinawauza a Wezulo tsiku lomwelo, kuseri kwa golo. Poyamba anaseka. Kenako anandifunsa ngati wotchi yawo inanama. Ndinati wotchi sinaname, linanama ndi bwalo. Anati ana onse anathamanga pabwalo lomwelo, ndiye palibe amene anaberedwa. Anati pepala la nthawi analitumiza kale kuchigawo ndipo analisaina ndi iwo. Anatinso mwana amathamanga ndi mtima, ndipo ndikamuuza tsopano ndiye kuti ndamuthyola miyendo ndi dala. Pomaliza anandifunsa ngati ndinedi malume ake enieni.

Ahedi anandimvera uku akusaina mapepala ena. Anafunsa ngati nkhaniyi ndailemba penapake. Nditati ayi, anati ndachita bwino, ndipo nkhani za zingwe ndi za kusitolo, si za muofesi.

Ndiye ndinakhala chete, achemwali. Masabata atatu. Sindikufuna kubisala kumbuyo kwa ahedi, chifukwa pakamwa ndi panga. Masana aliwonse ndinkamuona pazenera la sitolo akudutsa pakhomo la labu, nsapato zothamangira zili m'manja, anzake akulowa ndi makope. Kunyumba ankachapa masokosi akuimba. Ankandiseka kuti tsiku lina ndidzaonekera pa kanema nditanyamula chikwama chake, ndiye ndiyambiretu kupesa tsitsi. Ine ndinkaseka naye. Akunyumba anatopa nane, anati ndisankhe chimodzi, kuyankhula kapena kusiya kuusa moyo, chifukwa m'nyumba mwasanduka ngati muli wodwala.

Amene ananditsegula pakamwa ndi a Madamu a sayansi. Anabwera kudzatenga choko, n'kundiuza ali chiimire kuti pamayeso oyeserera mwana wanu wapeza 31 pa 100, mwana amene teremu yatha anali m'gulu la asanu oyambirira. Anati pepala la mayeso silifunsa kuti unathamanga masekondi angati. Ndinawapempha kuti amulole abwerere ku makalasi a masana. Anati kalasi yawo si basi yoti munthu azikwera ndi kutsika mmene wafunira. Amene anachotsedwa ndi kalata ya kholo adzabwerera ndi kalata ya kholo lomwelo, osati ya malume. Mayi amene uja saseka, koma mwa onse amene ndinayankhula nawo, ndi yekhayo amene ankanena za mwanayo osati za iye mwini.

Loweruka masana, pasukulu palibe anthu, ndinamutenga kupita naye kubwalo. Ndinayala chingwe pansi, n'kuika kachidutswa kaja pambali pake. Sindinamalize kufotokoza, iye anali atawerengetsa kale. Anandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinafuna kunena kuti dzulo. Ndinati masabata atatu apitawo.

Sanalire. Ndikanakonda akanalira. Anangoti ndiyeze mamita 32 otsalawo kutsogolo kwa mzere womalizira, ndikhomepo chikhomo, ndikatenge wotchi kusitolo. Ndinachita zonse ngati wantchito wake.

Anathamanga bwino, monga amachitira. Koma atafika pamzere wakale thupi linafuna kuima lokha, popeza masabata onsewa linazolowera kuthera pamenepo. Mamita otsalawo anawamaliza mutu uli m'mwamba, manja akupalasa ngati munthu amene akumira. Wotchi inati 61. Nditamuuza, anati ndimuonetse wotchiyo aone yekha. Sindinamudzudzule. Ndikanakhala iye ndikanachitanso chimodzimodzi.

Anagona chagada paudzu nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti 61 kuchigawo ndi nambala chani. Ndinamuuza kuti malinga ndi pepala la chaka chatha limene lili pakhoma muofesi ya a Wezulo, ndi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi. Anati ndiye kuti anasiya sayansi kuti akakhale nambala sikisi. Ndinayesa kumuuza kuti pasukulu pano palibebe womuposa. Anati pasukulu pano palibenso wodziwa kuyeza.

Pobwerera anandipempha kuti ndisakuuzeni. Anati munamulembera kuti kalata yanga ija munaiwerengera anzanu onse a kuntchito, ndipo wina anamugulira kale thaulo. Ndinati ndikulemberani basi. Anati inde, makalata ndiye ndimawatha.

Kuyambira tsiku limenelo kubwalo sakupita, kulabu sangalowe. Masana amakhala mulaibulale, buku lotsegula patsamba limodzi mpaka belu. Kunyumba amapereka moni, kugwira ntchito zake, basi. A Wezulo anabwera kusitolo akukuwa kuti ndawawonongera mwana. Ndinawauza kuti mamita anayi aja ndawasunga mudilowa, ngati akuwafuna akhoza kutenga. Sitikupatsana moni.

Tsopano zopempha zanga ndi izi, achemwali.

Lembani kalata kwa a Madamu a sayansi, yaifupi, yowapempha kuti amulandirenso. Mayeso atsala masabata asanu ndi anayi. Iwo akuti ngati angabwerere sabata ya mawa isanathe akhoza kumukoka, koma kupitirira apo salonjeza kanthu. Musaichedwetse. Ngati mukufuna kutchula wolakwa, tchulani ine, sadzadabwa.

Kalata ina mumulembere mwiniwakeyo, payokha, osati kudzera mwa ine. Mpikisano wa chigawo ndi Loweruka la sabata ya mawa. Dzina lake lili kale pamndandanda, ndipo pambali pake palembedwa 55. Kumeneko asanathamange amalengeza dzina ndi nthawi ya mwana aliyense pa chimkuzamawu. Chimene akuopa ndi chimenecho, kuti bwalo lonse limve 55 kenako lione 61, anthu n'kumati kamtsikana kabodza. Ngati akufuna kukathamanga, mulekeni athamange. Ngati sakufuna, musamukakamize chifukwa cha thaulo. Koma amve kuchokera kwa inu kuti iye sananame. Miyendo yake inachita zonse zimene inauzidwa. Ananama ndine, ndipo woyamba kunamizidwa munali inu.

Mukaona kuti sindiyeneranso kukusungirani mwana, sinditsutsa. Ndingopempha kuti ayambe walemba mayeso, chifukwa kumusuntha tsopano ndi kumulanga kawiri pa mlandu wa ine.

Mmawa uno wabwera kusitolo. Anaima pamzere kumbuyo kwa ana a mpira, ndipo itafika nthawi yake anandiitana kuti a Makiyi, dzina limene ana a sukulu amanditchula, osati amalume. Anati akubwereka wotchi. Ndinamupatsa. Kaya akukadziyeza pabwalo, kaya akufuna kuwerengera nthawi poyankha mapepala akale a mayeso, sindikudziwa. Sindinafunse, chifukwa panopa ufulu womufunsa ndilibe. Inu ndi amene muli nawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, ndi kwa azakhali mukakawaona, koma nkhaniyi musawauze, angaifalitse isanakwane sabata. Akunyumba akupereka moni, ndipo akuti mukamandikalipira musawasiyire ntchito yambiri, iwo anayamba kale. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu pa ntchito yanu.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene akudikira yankho lanu.