Magazi a Daliso Sanaleke Kutuluka

Okondedwa amake Yamikani, mng'ono wanga,

Ndikhulupilila muli bwino ndi ana kumeneko ku Kitwe. Ine thupi lili bwino, koma tulo ndilibe.

Ndinali kuyanika zovala pamene foni inalila. "Amake Daliso, thamangani, mwana wanu am'tema!" Ng'ombe zathu ziwili zinalowa m'munda wa thonje ku Ndake, ndipo mwini munda anam'tema Daliso ndi khasu pantchafu. Bala silinali lalikulu. Tinam'kweza pa ngolo, tinamanga chitenje pabalapo, chinanyowelatu. Tinamanga china, koma magazi anali kudonthabe pansi pa ngolo. Daliso anatisiya titangofika kuchipatala. Adokotala akuganiza kuti magazi ake anali kusowa kanthu kamodzi kowathandiza kuundana, matenda amene ana aamuna amatengela kwa amayi awo.

Pamalilo aTembo, mkulu wa mpingo, anafuna kunditonthoza ndi nkhani imene tinkakambilana kale. Anati kuti magazi aundane pamafunika tinthu tambili tolumikizana ngati tcheni cha njinga, kuchotsapo kamodzi njinga siyenda, choncho sizinadze pang'onopang'ono, alipo anazilenga. Ndinawelengaponso ena onena kuti tinthuto tinaonjezeka m'kupita kwa mibadwo, ndipo mkanganowu ndinkaukonda. Tsikulo ndinangofunsa kuti, "Bambo, nanga mwa mwana wanga, kamodziko anachotsa ndani?" Anangowelama.

Chonde pitani naye Yamikani akam'pime magazi, musazengeleze, poti inu ndi ine ndife a mimba imodzi. Mulungu akusungeni. Ndikali kupemphela, ngakhale mau andichepela.

Kuno kwatsala ine, ng'ombe ziwili zija, ndi ngolo imene sindinaitsuke.

Ndine mkulu wanu,
Amake Daliso