Patch pa mkono wa ababa

Achimwene 10:12
wawamata chani ababa pamkono? amayi akuti akhala akusanza mmawa onse

Kamlongo 10:13
ndi patch ya nicotine basi. osandikalipira ngati ndapha munthu

Achimwene 10:13
munthu anasiya fodya iwe usanabadwe, ndye ukufuna uwabwezere komweko?

Kamlongo 10:15
si fodya!! ndawerenga ine achimwene. osuta ambiri sadwala parkinson's, nthenda yonjenjemera ngati ya ababayi. akuti nicotine akafika mu ubongo amateteza ma cell aja opanga dopamine kuti asafe msanga

Kamlongo 10:15
ngati ambulera pa mvula

Achimwene 10:22
ambulera wa mbewa za ku lab ameneyo. atayesa ma patch pa anthu, matenda sanabwerere m'mbuyo olo pang'ono. ine ndimagwira ntchito ku pharmacy, bwnj osandifunsa?

Kamlongo 10:23
mukanati dikira. inu chilichonse ndi dikira

Kamlongo 10:24
dzulo ulusi unawakanika kulowetsa pa singano. telala wa zaka zonsezi! ananamizira magalasi, ine nkumavomereza

Achimwene 10:31
matula pompano, utsuke pamalopo ndi madzi okha. uwapatse madzi amwe. mtima ukamathamanga undiimbire. dokotala tikamuuza tonse lachinayi

Achimwene 10:58
wamatula?

Achimwene 11:30
iwe

Achimwene 11:52
[waimba, sanayankhe]

Kamlongo 12:47
ndamatula. kusanza kwasiya, agona pa mpando wa pa mashini paja

Kamlongo 12:48
mumadziwa kuti akagona dzanja limangoti phee? ngati la kale lija. ndangokhala apa nkumaliyang'ana

Achimwene 12:55
ndimadziwa. sorry ndinakalipa, ndinachita mantha. koma changu chonsechi nchachani mwana iwe? mankhwala awo akumwa bwinobwino

Kamlongo 12:59
[uthenga wa mawu 0:38, wafufutidwa]

Achimwene 13:00
ndaona. lankhula

Kamlongo 13:04
musaseke plz

Achimwene 13:04
sindiseka

Kamlongo 13:09
sukulu ndangomaliza kumene, chibwenzi ndilibe, olo wondipatsa moni kawiri palibe kkkk

Kamlongo 13:11
koma achemwali anawasokera diresi la ukwati. inunso suti. ine ndine womaliza achimwene, ndikamadzafika ine manja aja adzakhala atatha

Kamlongo 13:12
ndikufuna langanso adzasoke okha. msoko olo ukhote, ndidzavala